Nyali ndi Tambala: Zaka za Nkhawa, 1992 mpaka 1994

Pakati pa khamu limene lasonkhana pa mwambo wa chaka chino pali agogo amene amakumbukira bwino lomwe nthawi imene munthu ankayamba wacheuka asanatchule dzina la mtsogoleri wa dziko. Palinso achinyamata, amene ndiwo ochuluka, omwe adabadwa zipani zili kale mbwee, ndipo za riferendamu amangozimva m'kalasi. Achinyamatawa akamadandaula kuti ndale zagawa anthu, kuti pa chisankho chigawo chilichonse chimangoyang'ana mwana wa kwawo, sakunama. Koma dziko lino lidagawikanapo koposa apa, njala ili m'nyumba, nkhondo ili kutsidya kwa malire, ndipo lidatuluka m'nyengoyo lisadang'ambike. Mbiri ya miyezi ya pakati pa Malichi 1992 ndi Meyi 1994 ndi yoyenera kufotokozedwa pamalo ngati ano, pamene ana ndi akulu akhala pabwalo limodzi.

Chaka cha 1992 chidayamba ndi dzuwa loswa mtengo. Mvula idadula chimanga chikumasula, ndipo chilala chidakuta maiko onse a kummwera kwa Africa. Chimanga chimene Malawi adakolola chaka chimenecho sichidafike ngakhale theka la cha chaka cham'mbuyo. Nkhokwe zidangoti pululu, ndipo mabanja ambiri adapulumukira nsima ya chimanga chachikasu chochokera kunja, imene akuluakulu ankadya akung'ung'udza. Nthawi yomweyo dziko linkasunga anthu pafupifupi 1 miliyoni othawa nkhondo ya ku Mozambique, ya pakati pa boma la Frelimo ndi gulu la Renamo. Ku Nsanje alendowo adachuluka kuposa eni mudzi. Ku Dedza ndi ku Ntcheu, kumene m'malo ena msewu waukulu wa M1 ndiwo malire, ambiri sadalowe m'misasa. Adalandiridwa m'midzi ndi anthu a chilankhulo chimodzi ndi mfunda umodzi, amene adawagawira malo omangapo nyumba, nkhuni ndi madzi a pachitsime. Mlendo ndi mame, adatero akale, koma mame awa adakhala zaka.

Pa ndale padali bata la mantha. Kuchokera mu 1966 lamulo linkalola chipani chimodzi chokha, cha Malawi Congress Party, ndipo mu 1971 Dr Hastings Kamuzu Banda adakhala mtsogoleri wamuyaya. Khadi la chipani linkafunsidwa polowa mumsika ndi pokwera basi, ndipo ayufi ovala malaya ofiira sankamva za kusowa kwa ndalama. Munthu ankatha kutengedwa usiku n'kukhala zaka ku Mikuyu osaonekera m'khoti. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, adapezeka atafa ku Thambani m'boma la Mwanza, ndipo anthu adauzidwa kuti idali ngozi ya galimoto. Orton Chirwa, loya woyamba wa Chimalawi, yemwenso adayambitsa chipanicho mu 1959, ankakalambira m'ndende ya Zomba, mkazi wake Vera ali m'chigawo china cha ndende yomweyo. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto adalamulidwa kubwerera kwawo. Zonsezi anthu ankazidziwa, koma ankazikamba monong'ona, ndipo wina sankakhulupirira ngakhale mnzake womwera naye chipanda chimodzi.

Kukhoza kukhala kunamiza mbiri kunena kuti aliyense ankalakalaka kusintha. Achikulire ambiri ankakumbukira kuti Kamuzu ndiye adaphwanya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kuti adasamutsira likulu ku Lilongwe mu 1975, ndiponso kuti m'zaka zonse zimene oyandikana nawo ankaomberana, m'Malawi anthu ankagona m'nyumba zawo. Akamauzidwa kuti matipate ndi nkhondo, umboni wa mmene nkhondo imakhalira udali pakhomo pawo pomwe: mayi wa ku Angonia wobereka mwana, wopanda munda, wopanda mwamuna. Mantha awowo sadali a uchitsiru. Ku Angola anthu adavota mu Seputembala 1992, ndipo pasadathe miyezi iwiri mfuti zidayambanso kulira.

Komabe kudali chitsanzo china chapafupi. Pa 31 Okutobala 1991 anthu a ku Zambia adavota, ndipo Kenneth Kaunda, amene adalamula zaka 27, adagonja kwa Frederick Chiluba n'kutula pansi udindo mwamtendere. Nkhaniyo idalowa m'dziko kudzera ku Chipata ndi ku Mchinji, m'kamwa mwa abale okacheza ndi okagula malonda, ndiponso pa mawayilesi akunja amene anthu ankamvetsera atatsitsa mawu.

Lamulungu pa 8 Malichi 1992, tsiku loyamba la sabata m'nyengo ya Lenti, m'matchalitchi onse a Katolika mudawerengedwa kalata ya maepiskopi, motsogozedwa ndi Arkiepiskopi James Chiona wa ku Blantyre. M'Chingerezi mutu wake udali Living Our Faith, ndipo idasindikizidwa ku Balaka m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi. Kalatayo sidapemphe zipani zambiri. Idakamba za kusiyana kwa olemera ndi osauka, malipiro ochepa, mitengo yotsika ya zokolola, kusowa kwa mankhwala ndi mabuku, kumanga anthu popanda kuwazenga mlandu, ndi mantha amene ankatseka anthu pakamwa. Mudalibe chimene mlimi wa fodya kapena namwino sankachidziwa kale. Chachilendo chidali chakuti zinthuzo zidanenedwa masana, paguwa, anthu mazanamazana akumva pamodzi. M'maparishi ena akhristu adaomba m'manja ndi kululuta. Munthu amene kwa zaka ankaganiza kuti nkhawayo ndi yake yekha adayang'ana kumanzere ndi kumanja, naona kuti oyandikana naye akugwedeza mutu movomera. Ngati pali tsiku limene chiyembekezo chidabadwa, lidali limenelo, ndipo chidabadwira m'kudziwana kumeneku.

Boma lidakalipa. Maepiskopi adaitanidwa ku polisi ya Kanjedza ku Blantyre, kumene adafunsidwa kwa maola ambiri. Kalatayo idalengezedwa kuti ndi youkira boma, kotero kuti kupezeka nayo kudali mlandu. Nyumba yosindikizira ya ku Balaka idatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche, amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu, adathamangitsidwa m'dziko pa Lachisanu Loyera. Koma pepala loletsedwa ndilo limayenda msanga. Alembi a m'maofesi ankalichulukitsa pa makina a fotokope abwana atapita kunkhomaliro, ndipo ophunzira a ku Chancellor College ku Zomba adayenda pamsewu poikira kumbuyo maepiskopi. Pa 6 Epulo, Chakufwa Chihana, mtsogoleri wa mabungwe a anthu apantchito, adatsika ndege pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe akuchokera kumsonkhano wa Amalawi otsutsa boma umene udachitikira ku Lusaka. Adamangidwa ali pakati powerenga mawu ake.

Meyi udali mwezi wa magazi. Sitiraka imene idayamba pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre idafalikira mumzinda wonse, masitolo adathyoledwa, apolisi adaombera, ndipo anthu pafupifupi 40 adafa. M'mwezi womwewo maiko othandiza Malawi, atakumana ku Paris, adaimika thandizo lonse kupatula la chakudya ndi la othawa nkhondo. Amene adaona masiku amenewo sakadadabwa dziko likadatsetserekera kuphompho. Kudali njala, ukali wa zaka zambiri, ndi achinyamata a Malawi Young Pioneers amene adali ndi mfuti zawo zosayang'aniridwa ndi asilikali.

Chimene chidabweza zinthu sichidali chooneka chaulemerero: kudali kukhala pansi n'kukambirana. Atsogoleri a mpingo wa CCAP, mothandizidwa ndi nthumwi za World Alliance of Reformed Churches, adalembera Kamuzu mu Juni 1992 kupempha kuti pakhale bwalo lounika madandaulo a anthu. Kuchokera pamenepo, pofika Okutobala padabadwa bungwe la Public Affairs Committee, limene lidaphatikiza Akatolika, Achipresibiteriyani, Aangilikani, Asilamu, maloya a Malawi Law Society, amalonda, ndi magulu awiri atsopano a AFORD ndi UDF. Boma lidasankha nduna zake m'komiti yotchedwa Presidential Committee on Dialogue. Sikuti onse adalowamo. Sinodi ya Nkhoma, ya m'chigawo chapakati, idakhala pambali, kotero kuti mng'alu wa dziko udaonekera ngakhale mkati mwa mpingo umodzi.

Munthu wodziwa mwambo sangalephere kuona unkhoswe m'makomiti awiriwa. Banja likavuta, mwamuna ndi mkazi sasiyidwa okha kuti athane. Pamabwera ankhoswe, wa kuchimuna ndi wa kuchikazi, ndipo ankhoswewo si anthu opanda mbali ayi: aliyense ali ndi mbale wake amene akumuimira, ndipo nthawi zina amakalipirana kuposa eni ake a mlandu. Mphamvu yawo ili pakuti amavomera kukhala pamphasa imodzi, ndipo akasiyana lero atakwiyitsana, mawa amabweranso. Umu ndi momwe zokambirana za 1992 ndi 1993 zidayendera. Nduna zimene dzulo lake zinkatchula anzawowo kuti zigawenga ndi abongololo zidayenera kuwapatsa moni ndi kumva mfundo zawo mpaka kumapeto. Zokambiranazo zinkaima, n'kuyambanso, n'kuimanso. Sizidabweretse chikondi, koma zidazoloweretsa mbali zonse ziwiri kuti wotsutsana naye ndi munthu wolankhula naye.

Pa 18 Okutobala 1992 Kamuzu adalengeza kuti kudzakhala riferendamu yoti anthu asankhe pakati pa chipani chimodzi ndi zipani zambiri. Adali ndi chikhulupiriro chonse kuti anthu ake sangamukane. Patangopita masiku awiri, Orton Chirwa adamwalira m'ndende ya Zomba, ndipo chisangalalo cha otsutsa boma chidasanduka maliro. Tsiku lovota lidaikidwa pa 15 Malichi 1993, koma pa langizo la bungwe la United Nations lidasunthidwa kufika pa 14 Juni. Vera Chirwa adatulutsidwa mu Januwale, atakhala m'ndende zaka 11.

Mkangano umene udatsala pang'ono kuononga zonse udali wa mabokosi. Boma linkafuna mabokosi awiri, lina la chipani chimodzi, lina la zipani zambiri. Otsutsa adakana, poona kuti bokosi la mbali imodzi n'losavuta kulisowetsa panjira, ndiponso kuti munthu wa kumudzi, amene moyo wake wonse ankayang'aniridwa ndi tcheyamani wa chipani, sangakhulupirire kuti palibe amene adzadziwe bokosi limene wayandikira. Adaopseza kuti sadzavota. Mu Meyi 1993 loya wa ku Senegal, Adama Dieng, wa bungwe la International Commission of Jurists, adathandiza mbali ziwirizo kugwirizana. Wovota aliyense ankalandira mapepala awiri ndi envelopu: pepala lina la tambala wakuda, lina la nyali. Akalowa yekha m'kachipinda, ankaika pepala la kumtima kwake mu envelopu, linalo n'kulitaya m'bokosi la zotaya, kenako envelopuyo ankakaiponya m'bokosi limodzi, aliyense akuona. Idali nkhani ya kapepala chabe, koma kwa gogo amene sankadziwa kulemba, envelopuyo ndiyo idali ufulu: kwa nthawi yoyamba adafunsidwa maganizo ake pa dziko, ndipo palibe amene akadamukwapulira yankho lake.

Zizindikirozo zidasankhidwa mwanzeru. Tambala ankadziwika kuyambira m'masiku a kumenyera ufulu, ndipo ankalira pa ndalama, pa nsalu za mbumba ndi pa wayilesi m'mamawa. Nyali ya galasi nayo idali ya m'nyumba iliyonse yokhoza kugula palafini, yoyatsa pobereka mwana ndi pogona pamaliro. Pamsewu anthu ankadziwana ndi zala: chala chimodzi kapena ziwiri. Misonkhano ina inkasokonezedwa, anthu ankamenyedwa, ndipo wayilesi ya MBC, yomwe idali yokhayo m'dziko, inkakometsa mbali imodzi. M'nyumba zambiri bambo adali wa tambala, mwana wake wophunzira ku sekondale ali wa nyali, mayi ali pakati kugawa ndiwo. Komatu m'midzi mudali ntchito zimene sizikadadikira riferendamu. Zovuta zikagwa, adzukulu ankayenera kukumba manda, amayi ankayenera kutunga madzi ndi kuphika pasiwa, mfumu inkayenera kulankhula, ndipo mwambo sufunsa kuti womwalirayo ankakweza zala zingati. Denga la nkhokwe silinyamulidwa ndi anthu a chipani chimodzi okha ngati m'mudzimo amuna amphamvu ndi owerengeka. Mabuku a mbiri salemba kwambiri za zinthu zotere, koma n'kovuta kumvetsa popanda izo chifukwa chimene ukali wa pamisonkhano sudasandukire moto wa mudzi ndi mudzi.

Chihana adatulutsidwa m'ndende pa 12 Juni. Pa 14 Juni 1993 anthu adalawirira m'chisanu cha mwezi umenewo, atafunda zitenje ndi mabulangete, ndipo mizere idatalika dzuwa lisadatuluke. Tsikulo lidatha mwabata. Mavoti 1,993,996 adapita ku nyali, ndipo 1,088,473 adapita ku tambala. Koma chiwerengerocho chidaulula chimene ambiri ankaopa: kumpoto ndi kummwera anthu oposa 8 mwa 10 aliwonse adasankha zipani zambiri, pamene m'chigawo chapakati pafupifupi awiri mwa atatu adasankha chipani chimodzi. Dziko lidayankha ndi mawu awiri. Kamuzu adavomera zotsatirazo ngakhale adakana kutula pansi udindo. Mwezi usadathe nyumba ya malamulo idachotsa ndime yoletsa zipani zina, padaperekedwa chikhululukiro kwa amene adathawira kunja, ndipo mu Ogasiti a Mboni za Yehova, oletsedwa kuyambira 1967, adaloledwanso kupembedza poyera.

Nkhawa sidathere pomwepo. Mu Okutobala 1993 Kamuzu adatengeredwa ku Johannesburg kukachitidwa opaleshoni ya m'mutu, ndipo dziko lidasiyidwa m'manja mwa komiti ya anthu atatu: Gwanda Chakuamba, John Tembo ndi Robson Chirwa. Kumayambiriro kwa Disembala apayoniya adapha asilikali awiri ku Mzuzu, ndipo pa 3 Disembala gulu la nkhondo lidayamba kulanda zida za apayoniya m'chimene chidatchedwa Operation Bwezani. Ku Lilongwe kudamveka mfuti zazikulu, anthu adafa, ndipo apayoniya ambiri adathawira ku Mozambique. M'maiko ambiri a mu Africa tsiku lotere limatha ndi msilikali akulankhula pa wayilesi kuti boma lagwa. Asilikali a Malawi, ngakhale mzinda udali m'manja mwawo ndipo anthu ankawaimbira m'manja m'misewu, adabwerera kumabalaki awo n'kusiya ndale kwa andale.

Mu Epulo 1994 wayilesi inkabweretsa nkhani ziwiri nthawi imodzi. Ku Rwanda anthu ankaphedwa ndi oyandikana nawo nyumba, ndipo ku South Africa, pa 27 Epulo, akuda ndi oyera adaima pamzere umodzi kukavota. Amalawi ankamva zonse ziwiri akudziwa kuti tsiku lawo ndi 17 Meyi. Bungwe loyendetsa chisankho linkatsogozedwa ndi Jaji Anastasia Msosa. Bakili Muluzi wa UDF adapeza mavoti 47 pa 100 aliwonse, Kamuzu 33, Chihana 19. Zigawo zidavotanso mosiyana, ndipo AFORD idatenga mipando yonse 33 ya kumpoto.

Pa 19 Meyi, kuwerenga kusadathe n'komwe, mawu okalamba a Kamuzu adamveka pa wayilesi akuvomera kugonja ndi kuyamikira wopambana. Anthu angasiyane maganizo pa zaka 30 za ulamuliro wake, ndipo mabanja amene adataya abale awo ali ndi chifukwa chosaiwalira. Koma mphindi zochepa zimenezo zidachotsa chifukwa chomenyera nkhondo m'manja mwa aliyense amene akadafuna kumenya m'dzina lake. Anthu oposa 1 miliyoni amene adavotera tambala chaka chapitacho adagona m'nyumba zawo, m'mawa n'kupita kumunda kukakolola. Pa 21 Meyi Muluzi adalumbira pa sitediyamu ya ku Blantyre.

Nyali sidaunike zonse zimene anthu ankayembekeza. Ndalama ya kwacha idagwa mphamvu m'chaka chomwecho, mitengo ya zinthu idakwera, ndipo walira mvula adaliradi matope. Sukulu ya pulayimale idakhala yaulere mu Seputembala 1994, ana adakhamukira m'makalasi kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo ambiri adaphunzirira pansi pa mitengo. Mapu a mavoti a 1994, a zigawo zitatu ndi zipani zitatu, akhala akubwereranso pa zisankho zambiri zotsatira, mitundu ya nsalu yokha ndiyo imasintha. Bungwe la Public Affairs Committee lilipobe mpaka lero, ndipo limaitanidwabe andale akasemphana.

Alendo aja nawonso adapita kwawo. Pangano la mtendere wa Mozambique lidasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, milungu iwiri Kamuzu asadalengeze za riferendamu, ndipo pakati pa 1993 ndi 1995 pafupifupi onse othawa nkhondo adabwerera, ena pa mabasi a United Nations, ambiri wapansi, atasenza mapoto ndi mphasa. Mu Okutobala 1994 iwonso adavota koyamba pa chisankho cha zipani zambiri. Adasiya manda a abale awo m'midzi ya ku Dedza, Ntcheu, Mwanza ndi Nsanje, ndipo ena adasiya ana okwatiwa. Pa msika wa Lizulu, pamene msewu umagawa maiko awiri, mbatata ya kachewere ndi kabichi zochokera mbali zonse ziwiri zimaunjikidwa m'mphepete mwa phula lomwelo, ndipo wogula sangadziwe kuti wogulitsayo wagona ku Malawi kapena ku Mozambique.